Laputopu ya pakhomo ndi ya paulendo: ndigule yaikulu kapena yopepuka?

Funso: "Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama za magulu a banki m'khonde kuno ku Zomba. Madzulo ndimakhala pa Excel kunyumba mpaka usiku, koma mwezi uliwonse ndimakwera basi kupita ku Lilongwe, ndipo masiku ena ndimakwera kabaza kupita kumidzi. Laputopu imene ndili nayo yatha. Wogulitsa akuti ndigule ya mainchesi 15.6 chifukwa maso anga ayamba kutopa, pomwe mwana wanga akuti ndigule ya 13 chifukwa ndi yopepuka. Ndalama zanga zikukwana ya kaunjika yabwino. Ndimvere ndani?" Mayi wa ku Zomba.

Mayi, gulani ya mainchesi 14, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo ndalama yotsalayo muisungire monita ya panyumba, yomwe ndi sikirini yapadera yolumikiza ku laputopu. Onse awiri amene akukulangizaniwo akunena zoona, kungoti aliyense akuyang'ana mbali imodzi ya ntchito yanu. Wogulitsayo akukuonani muli patebulo usiku, mwana wanuyo akukuonani muli pa kabaza chikwama chili kumsana. Koma mavuto awiriwa si ofanana. Sikirini ikachepa patebulo, mumalumikiza ina yaikulu, vuto latha. Laputopu ikalemera palibe chimene mungaigulire kuti ipepuke, mudzainyamula choncho mpaka idzathe. N'chifukwa chake munthu woyenda ngati inu ayenera kusankha laputopu poganizira msewu, za panyumba n'kuzikonza padera.

Mainchesi amene ogulitsa amatchulawa sayeza m'lifupi kapena m'litali. Amayeza mopingasa, kuchoka pa ngodya ya pansi kumanzere kufika pa ngodya ya pamwamba kumanja, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Sikirini ya 15.6 yomwe tinazolowera ija ndi pafupifupi masentimita 34.5 kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndi 19.4 kuchoka pansi kupita pamwamba. Ya 14 yopangidwa mofanana ndi 31 ndi 17.4. Ya 13.3 ndi 29.4 ndi 16.6. Mukawerengera malo onse, ya 15.6 imaposa ya 14 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kusiyanako kulipo ndithu, sindikukana, koma si kusiyana kumene kungapumitse maso otopa.

Pali chinthu china chimene ogulitsa ambiri satchula. Masikirini sapangidwa mofanana onse. Ambiri a zaka zapitazi ndi a 16:9, otambalala koma aafupi, chifukwa anatengera maonekedwe a TV. Atsopano ambiri abwerera ku 16:10, omwe ndi aataliko kupita m'mwamba. Sikirini ya mainchesi 14 ya 16:10 imafika masentimita 18.8 kuchoka pansi kupita pamwamba, kutanthauza kuti ya 15.6 ija yangoiposa ndi mamilimita 6 okha. Kwa munthu wa Excel, amene amafuna kuona mizere yambiri ya mayina a mamembala ndi ngongole zawo popanda kutsikatsika, kutalika kumeneku n'kumene kuli ndi phindu. Pa kaunjika zambiri zikadali za 16:9, koma mukakumana ndi ya 14 yolembedwa 1920 x 1200, dziwani kuti ndi ya 16:10, ndipo ngati ndalama ikulola musaisiye.

Pa nkhani ya maso ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama. Maso satopa chifukwa chakuti sikirini ndi yaing'ono basi. Amatopa kwambiri sikiriniyo ikakhala yosaoneka bwino. Chithunzi chilichonse pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho, ndipo manambala ngati 1366 x 768 kapena 1920 x 1080 amanena kuchuluka kwa timadonthoti. Yoyambayo ili ndi timadontho topitirira pang'ono 1 miliyoni, yachiwiriyo topitirira 2 miliyoni. Malaputopu ambiri otsika mtengo a 15.6, makamaka akale amene adzaza m'mashopu, ndi a 1366 x 768. Timadontho tochepa totere tikamwazidwa pa malo aakulu, zilembo zimaoneka zamanomano m'mphepete, ndipo manambala aang'ono ngati 3 ndi 8 amafuna kuwayang'anitsitsa kuti muwasiyanitse. Ya 14 yokhala ndi 1920 x 1080 imalemba zilembo zosalala, ndipo zikachepa mumangopita ku Settings, pa Display, n'kukweza Scale kufika 125% kapena 150%. Zilembo zimakula koma sizitaya kusalala. Choncho ngati wogulitsa waika patsogolo panu ya 15.6 ya 1366 x 768 ndi ya 14 ya 1920 x 1080, yabwino ku maso anu ndi yaing'onoyo.

Onaninso mtundu wa galasi lake. Pali TN ndi IPS. Simufunika kudziwa zambiri za mayinawa, ingoyesani ndi maso: tsegulani chithunzi cha munthu, kenako pendeketsani sikiriniyo kutsogolo ndi kumbuyo, muiyang'anenso cha m'mbali. Ya TN imasintha mitundu, nkhope imayera mbuu kapena kuda. Ya IPS imakhalabe chimodzimodzi. Kwa inu izi si zokongoletsa ayi. Mukakhala pansi pa mtengo ndi gulu, mlembi ndi msungichuma akusuzumira kuchokera mbali zonse kuti aone masheya awo, pa TN woona bwino amakhala mmodzi yekha amene wakhala pakati. Kuwala kwake nakonso n'kofunika. Amakuyeza ndi manambala otchedwa nits. Zotsika mtengo zambiri zimathera pa 220 kapena 250, zomwe m'nyumba zimakwana koma pakhonde masana zimazilala. Kuyambira 300 kupita m'mwamba ndiye bwino. Ndipo pewani galasi lonyezimira ngati kalirole, lomwe limapezeka kwambiri pa masikirini okhudza ndi chala. Panja mudzangodziona nokha ndi mitambo.

Ndinenenso ichi ngati mnzanu: munthu akadutsa zaka 40, maso amayamba kuvutika kuona zapafupi, ndipo izi n'zachibadwa. Ngati mwayamba kutalikitsa pepala kuti muwerenge, kapimitseni maso kuchipatala. Magalasi owerengera angakuthandizeni kuposa mainchesi awiri owonjezera.

Tibwere ku kulemera. Malaputopu a m'maofesi a mainchesi 14, amene amafika kuno atagwirako ntchito ku Ulaya kapena ku America, amakhala pakati pa makilogalamu 1.3 ndi 1.6. Lenovo ThinkPad T480 ili cha m'ma 1.6, T480s cha m'ma 1.3, HP EliteBook 840 G5 cha m'ma 1.5, Dell Latitude 7490 cha m'ma 1.4. A 13.3 a m'gulu lomwelo ali cha m'ma 1.2 mpaka 1.3. A 15.6 atsopanoko amayambira cha m'ma 1.7, ndipo akale aja okhala ndi polowetsa DVD amapitirira 2. Mukayang'ana manambalawa muona kuti kuchoka pa 14 kutsika pa 13 mwangopulumutsa magalamu 100 kapena 200, pomwe kuchoka pa 14 kukwera pa 15.6 yakale mwasenza theka la kilogalamu kapena kuposa. Apa ndi pamene 14 imapambanira: yayandikira kupepuka kwa yaing'ono, koma siinataye malo ogwirirapo ntchito.

Zilipo zazikulu koma zopepuka. MacBook Air ya mainchesi 15 imalemera makilogalamu 1.51, ndipo LG Gram ya mainchesi 17 ili cha m'ma 1.35. Koma kupepuka kotereku kumagulidwa ndi ndalama zambiri, ndipo sikirini yake ikasweka, kupeza ina kuno si masewera. Sindingakulozereni kumeneko.

Kulemera kumene amalemba pa bokosi ndi kwa laputopu yokha, koma phewa lanu limasenza chikwama chonse. Muli chaja, mausi, mabuku a magulu, botolo la madzi, mwina ndi chitenje ndi ambulera. Chaja yakale ya 65W, ija ya chibokosi pakati ndi nthambo ziwiri, imatha kupitirira magalamu 300. Za malaputopu a magemu ndiye n'zosakamba, zina zimayandikira kilogalamu. Musanapite kukagula chitani izi: ikani mapaketi awiri a shuga a 1 kg m'chikwama chanu pamodzi ndi zonse zimene mumanyamula, muwonjezere botolo la madzi la theka la lita, ndiye muyende nacho mtunda umene mumayenda kuchoka pa depoti kukafika kumene mumagona. Kumeneko ndiye kulemera kwa 15.6 yakale ndi chaja yake. Tsiku lina muchotsemo botolo lija ndi theka la shuga wa paketi imodzi, kuti mumve kulemera kwa ya 14. Mapewa anu adzakuuzani zoona kuposa ine.

Kupatula kulemera, palinso kukula kwa thupi lake. M'basi ya ku Lilongwe, kuyambira ku Liwonde, Balaka, Ntcheu mpaka ku Dedza, chikwama cha laputopu chimakhala pamiyendo panu, chifukwa simungachiponye m'buti kapena pamwamba pomwe ena akukankhirapo katundu wawo. Ya 15.6 imakhala pafupifupi masentimita 36 m'lifupi, ya 14 pafupifupi 33. Masentimita atatuwo amaoneka ochepa, koma ndi amene amapangitsa kuti laputopu ilowe m'chikwama wamba kapena ifune chikwama chake chapadera chimene aliyense pa depoti amadziwa kuti muli kompyuta. Ndipo mukafuna kutsegula m'basi momwemo kuti mukonze lipoti, wa kutsogolo akangogonetsa mpando wake, sikirini yaitali ndi imene imayamba kupanikizika.

Nanga bwanji osangomvera mwana wanu? Ya 13 ndi yabwino kwa munthu amene amangolemba makalata ndi kuwerenga maimelo. Koma masiku amene muli ku Lilongwe kapena kumudzi, monita ya panyumba ija kulibe, ndipo tsiku lonse la Excel pa 13 limatopetsa. Komanso malaputopu akamachepa ndi kupyapyala, pali zimene opanga amachotsa. Kawirikawiri RAM, yomwe ndi memore imene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo, amaiwotcherera pa bolodi la mkati moti simungawonjezere, monga zilili pa ThinkPad X280 ndi X1 Carbon. Malo olowetsa nthambo amachepa, ena alibe HDMI yaikulu yolumikizira monita kapena polowetsa nthambo ya netiweki. Fani imakhala yaing'ono, ndipo mu Okutobala, kutentha kukasakanikirana ndi fumbi la mumsewu, makina opyapyala amatentha msanga n'kuyamba kudzichepetsera liwiro okha. T480 ija, ngakhale ndi yolemerako, ili ndi malo awiri a RAM, ndipo amisiri athu amaidziwa bwino. Kwa munthu wogula kaunjika, makina amene mmisiri angathe kutsegula n'kukonza ndi ofunika kuposa magalamu 200.

Za panyumba tsopano. Monita ya mainchesi 24 ndi pafupifupi masentimita 53 ndi 30. Malo ake amaposa kawiri a sikirini ya 15.6, ndipo amayandikira katatu a ya 14. Palibe laputopu imene ingapikisane nayo. Mumangolumikiza ndi nthambo ya HDMI, n'kudina batani la Windows pamodzi ndi P, n'kusankha Extend. Pamenepo Excel imakhala pa monita, lipoti limene mukulemba kapena WhatsApp ya gulu imakhala pa laputopu. Mamonita a kaunjika a Dell ndi HP amapezeka, ndipo ngakhale ya mainchesi 22 imakwana, bola ikhale ya 1920 x 1080. Ena akale amangokhala ndi VGA kapena DisplayPort, choncho yang'anani kumbuyo kwake musanalipire. TV ya pabalaza imathanso kugwira ntchitoyi mongoyembekezera, koma kukhala nayo pafupi maola ambiri kumatopetsa, ndipo ana adzafuna TV yawo.

Phindu la monita si maso okha. Laputopu iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, ili ndi chilema chimodzi: sikirini ndi kiyibodi zinalumikizana. Kiyibodi ikakhala pamalo oyenera manja, sikirini imakhala pansi kwambiri, ndiye mumawerama. Khosi ndi msana zimene zimawawa usiku zija gwero lake ndi limeneli, ndipo 15.6 sichotsa vutoli. Pamwamba pa sikirini payenera kulingana ndi maso anu mutakhala mowongoka, ndipo italikirane nanu pafupifupi kutalika kwa mkono wanu. Ngati ndalama ya monita sinakwane mwezi uno, ikani laputopu pamwamba pa mabuku angapo, mugule kiyibodi ndi mausi za USB. Zimenezi ndi zotchipa, ndipo kusintha kwake mudzakumva sabata yomweyo.

Kiyibodi yapaderayi imayankhanso mfundo imodzi yamphamvu imene 15.6 ili nayo kwa anthu owerengera ndalama, yomwe ndi mabatani a manambala a kumanja aja. Malaputopu a 14 alibe, ambiri a 15.6 ali nawo. Ngati zala zanu zinazolowera kulowetsa manambala pamenepo osayang'ana, kuwasowa kudzakupwetekani. Kunyumba kiyibodi yathunthu ili nawo kale. Paulendo pali kachipangizo kakang'ono ka manambala okhaokha kolowetsa pa USB, kopepuka moti simukamva m'chikwama, ndipo mumakanyamula tsiku lokhalo limene muli ndi zolowetsa zambiri.

Ndikudziwa kuti muganiza za magetsi. Akathima, monita imathima nawo, n'zoona, pokhapokha muli ndi sola kapena invata. Monita ya 24 sidya magetsi ambiri, nthawi zambiri imakhala cha m'ma 20W, koma popanda magetsi mumabwerera pa laputopu yokha. Ichi ndi chifukwa chinanso chimene ndikukanira 13, komanso chimene batire liyenera kukhala patsogolo m'maganizo anu. Anthu ambiri amaganiza kuti laputopu yaikulu ili ndi batire lalikulu, koma sizili choncho nthawi zonse. Mphamvu ya batire amaiyeza mu Wh. Ambiri a 15.6 otsika mtengo ali ndi batire la 41 kapena 42 Wh, pomwe EliteBook 840 G5 ili ndi la 50 Wh, ndipo Latitude 7490 imapezeka ndi la 60 Wh. Sikirini ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadya batire kwambiri, ndipo yaikulu imafuna kuwala kochuluka. Koma pa kaunjika, nambala ya pa chiyambi si imene mukugula. Uzani wogulitsa atsegule Command Prompt alembe powercfg /batteryreport, ndipo mu lipoti limene lituluke muyerekeze Design capacity ndi Full charge capacity. Ngati yachiwiriyo yatsika kufika theka la yoyambayo, batirelo latha, ndipo mtengo utsike kuti mugule lina.

Sankhani laputopu yotha kutchajidwa pa USB-C, kabowo kakang'ono kofanana ndi ka mafoni ambiri atsopano. Zinayi ndatchula zija, T480, T480s, 840 G5 ndi 7490, zonse zili ndi polowera potere, koma yesani m'shopu momwemo kuti muone ikutchaja. Ubwino wake ndi wakuti chaja imodzi yaing'ono ya 65W imatchaja laputopu ndi foni, ndipo zamakono zotchedwa GaN zimalemera pafupifupi theka la chaja yakale ija. Chaja yaikulu imatsala kunyumba pa tebulo, yaing'ono imakhala m'chikwama nthawi zonse, ndipo simudzafikanso ku Lilongwe n'kuzindikira kuti mwaiiwala pa soketi. Power bank yotulutsa 65W pa USB-C imathanso kutchaja laputopu yotere kumudzi kopanda magetsi, koma zija za mafoni wamba sizingathe.

Poti mumakwera kabaza, musagule yokhala ndi hard disk yakale yozungulira ija. Mkati mwake muli mbale yozungulira ndi kasingano, ndipo kugwedezeka kwa m'mabampu, makamaka laputopu ikakhala kuti sinazime bwino, kumaiwononga pamodzi ndi zolemba za magulu anu. Ikhale ya SSD, chosungira chopanda mbale yozungulira, yosachepera 256 GB, ndi RAM yosachepera 8 GB, ndipo 16 ndiye bwino koposa. Onaninso purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'mwamba. Mumaidziwa ndi nambala: i5-8250U kapena i5-8350U ndi za m'badwo wa 8, pomwe i5-7300U ndi ya 7. Chenjerani apa, chifukwa T480 ndi zinzake zina zinatulukanso ndi purosesa ya m'badwo wa 7 ngakhale dzina la kunja ndi lomwelo.

Pali anthu amene ndingawauze kuti agule 15.6 kapena 16 mosakayika. Amene laputopu yake imangochoka kuchipinda kupita pabalaza, amene amayenda pa galimoto yakeyake kuchoka pakhomo mpaka pa ofesi, amene m'nyumba mwake mulibe tebulo lokhazikika loikapo monita, kapena wojambula mapulani ndi wokonza makanema amene amafuna makina amphamvu otha kuzizira bwino. Mukanakhala kuti mumayenda kawiri pa chaka, ndikanagwirizana ndi wogulitsayo, bola sikirini ikhale ya 1920 x 1080 ndi IPS. Koma inu mumayenda mwezi ndi mwezi, ndipo mbali ina ya ulendowo ndi ya pansi ndi ya pa kabaza.

Tsiku lokagula tengani chikwama chanu chenicheni ndi fulashi yokhala ndi fayilo yanu ya Excel. Itseguleni pa ya 14 ndi pa ya 15.6, muwerenge mizere imene ikuoneka pa iliyonse, mukweze Scale mpaka maso anu amasuke. Pemphani kuti mutuluke nayo pakhomo la shopu muone ngati ikuwerengeka pa kuwala kwa masana. Tsegulani tsamba loyera lokhalokha, kenako lakuda, kuti muone madontho akufa ndi zipsera zoyera zimene zimabwera sikirini ikapanikizidwa. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo mumve mahinjesi ngati ali olimba. Yang'anani kiyibodi: zochokera ku Britain ndi ku America zimayamba ndi QWERTY, koma za ku France zimayamba ndi AZERTY ndipo za ku Germany ndi QWERTZ, ndipo izi zidzakusokonezani tsiku lililonse. Pulagi ya chaja ya ku Britain ndi yofanana ndi masoketi athu a mano atatu, pomwe ya ku South Africa ndi ya mano obulungira ndipo imafuna adaputa kapena nthambo ina.

Chikwamacho chikhale cha kumsana cha malamba awiri, osati cha paphewa limodzi, ndipo thumba la laputopu likhale ndi siponji komanso lisafike pansi penipeni, kuti mukachitsitsa mwamphamvu ngodya ya laputopu isagunde simenti. Chaja musaiike mogundana ndi chivundikiro, chifukwa m'minibasi yothinana ndi imene imaswa sikirini. Nyengo ya mvula muziyamba mwaikulunga m'jumbo musanaiike m'chikwama, ndipo musanakwere kabaza muizimitse kwathunthu, osangotseka chivundikiro.